Khofi wa Obbo Galgalo ndi Geji Yonama

Mu kaofesi kena ku Kazanchis, mumzinda wa Addis Ababa, Kirubel ndi Tsedale ankalemba pulogalamu ya makina okazingira khofi. Gawo lawo linali nkhope ya makinawo: sikirini, mabatani ndi geji yoonetsa kutentha. Ankalemba m'chinenero cha QML, momwe munthu amangonena chimene akufuna chioneke, geji apa, batani apo, n'kuitanitsa pamwamba pa tsamba mitolo ya zida zopangapanga kale. Geji anapanga okha, ndipo Tsedale anatha miyezi iwiri akuiwongola kuti izinena kutentha kwa njere za khofi zenizenizo, osati kwa chitsulo cha mgolo wokazingiramo.

Kirubel anali katswiri, koma waphuma. Tsiku lina anapeza mtolo wakunja wa mabatani osiririka, ndipo anauitanitsa ndi mzere umodzi, pansi penipeni pa mtolo wawo, momwe munali geji ija.

"Upatse dzina lakelake mtolowo," anatero Tsedale. "Chilichonse chotuluka m'menemo tizichitchula ndi dzina la kwawo."

"Ndizilemba dzina lomwelomwelo pa mzere uliwonse? Zalazi ndinabwereka kwa iwe?"

"Mu Addis muno muli a Kirubel angati? Si n'chifukwa chake umatchulanso dzina la bambo ako?"

"Kirubel wodziwa ntchito alipo mmodzi, mlongo wanga," anayankha akuseka. Sikirini inayaka bwinobwino, mabatani ali waliwali, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Lachinayi m'mawa anapita kukayesa makinawo kwa Etiye Belaynesh, mayi amene anali atakazinga khofi zaka makumi anayi. Anapezako Obbo Galgalo, mlimi wa ku Guji, yemwe anayenda masiku awiri pa basi atafungatira makilogalamu awiri a khofi wosankhidwa m'minda ya mabanja a kwawo. Mawa lake ogula akunja ankabwera kudzalawa, ndipo mabanja onsewo maso anali pa kathumba kameneko.

Kirubel anathira kilogalamu yoyamba, mgolo n'kuyamba kuzungulira. Patapita mphindi zisanu ndi zinayi, Etiye Belaynesh anapendeketsa mutu.

"Mwana wanga, akuthetheka. Konzeka kuphula."

"Geji ikuti madigiri 178, Etiye. Tidikire ifike pa 205."

"Makutu angawa akumva zina."

"Makina sanama, Etiye."

Mayiyo anamuyang'ana, n'kupinda manja, poti makina anali a mwini. Geji isanafike n'komwe pomwe Kirubel ankafuna, utsi wowawa unadzaza nyumba. Njere zinatuluka zili bii, zikuchucha mafuta. Obbo Galgalo anatola imodzi, naifikisa ndi zala mpaka inasanduka phulusa.

"Tinathyola imodziimodzi," anatero motsitsa mawu. "Zofiira zokhazokha."

Kirubel anafuna nthaka itang'ambika.

Tsedale sanataye nthawi ndi zakuti ndinanena. Analumikiza laputopu yake ku makinawo, natsegula mtolo wakunja uja, ndipo anamukodola Kirubel. M'kati mwa mtolowo, kuseri kwa mabatani okongola, munali geji inanso, yotchedwa Gauge ngati yawo yomwe. Mayina akafanana choncho, chinenerocho chimatenga cha mtolo woitanidwa pomaliza, osafunsa munthu. Geji ya Tsedale inali itakankhidwira pambali mwakachetechete, ndipo yachilendoyo inkangonena kutentha kwa chitsulo. Tsedale anawonjezera timawu pa mizere iwiri ija, mtolo wina naupatsa dzina lakuti Kwathu, wina Kunja, kenako anaika mageji onse awiri moyandikana pa laputopu.

Koma Etiye Belaynesh anali atatopa nazo. Anavula nsalu yawo yoyera ya paphewa, naphimba sikirini ya makina.

"Obbo, mundilola?" anafunsa.

"Watsala ndi yemweyo, Etiye. Ali m'manja mwanu."

Mayiyo anathira kilogalamu yomaliza, nafulatira laputopu, n'kutsinzina. Nyumba yonse inangoti zii, kumangomveka njere zikugubuduka mumgolo. Kirubel anaima kumbuyo kwa Tsedale, maso pa mageji awiri aja.

"Fungo la udzu latha," anatero mayiyo. "Tili cha m'ma 150."

Geji ya Kwathu inkati 151. Ya Kunja inkati 134.

"Labwera la buledi tsopano. 170. Tsitsa moto pang'ono, Tsedale."

Geji ya Kwathu inali pa 170 ndendende. Kirubel ankadziwa waya aliyense wa m'makinamo, ankadziwa masamu onse amene Tsedale anavutika nawo miyezi iwiri, ndipo apa panali mayi wotsinzina, wosagwira kanthu, akuwerenga moto ndi mphuno ngati akuwerenga kalata ya mwana wake.

"Mverani," anatero mayiyo, atakweza chala. Panalibe chomveka. Kenako njere imodzi inati the! Ina n'kuyankha, mpaka mgolo wonse unalira ngati mvula yoyamba pa malata. Geji ya Kwathu inkati 196.

Mayiyo anadikira pang'ono, milomo ikugwedera ngati akupemphera, kenako anati, "Phula!"

Njere zinakhuthukira m'chozizitsira zili zofiirira mofanana, ndipo fungo la maluwa ndi uchi linathamangitsa utsi uja. Obbo Galgalo anatapa dzanja limodzi, nanunkhiza nthawi yaitali. Atadzutsa nkhope, m'maso munali mutalengeza misozi.

"Uyu ndiye wa kwathu," anatero.

Kirubel anawerama pamaso pa mlimiyo n'kupepesa, kenako anatembenukira kwa mayi aja. "Etiye, mumadziwa bwanji?"

"Khofi amayankhula, mwana wanga. Chofunika n'kudziwa amene akukuyankhulayo kuti ndani."

Mawa lake ogula analawa khofi wa kilogalamu imodzi yotsalayo, ndipo anapempha kukaona minda ya ku Guji ndi maso awo. Kirubel sanapite nawo kolawako. Anakhala mu ofesi tsiku lonse, akutsegula tsamba ndi tsamba la pulogalamu, mtolo uliwonse n'kuupatsa dzina lake, chida chilichonse n'kuchitchula ndi kwawo. Anali ataona ndi maso ake kuti atambala awiri salira m'khola limodzi.