Lekeleni ndi chitseko chotsegula

Panali mnyamata wina, dzina lake Lekeleni, amene anasankhidwa kupita ku yunivesite. Kusekondale kumene anachokera kunalibe womuposa. Zimene mphunzitsi walemba pa bolodi iye ankaziloweza, tsiku la mayeso n'kuzikhuthula zonse osataya ndi liwu limodzi lomwe. Motero mabuku sankawaopa. Ankaopa anthu, pakuti kumeneko analibe womudziwa.

M'chipinda chimene anamupatsa ku hositelo anapezamo mnyamata wina, Yonasi, amene ankabwereza chaka choyamba. Yonasi ankadziwa njira zonse za pasukulupo, ndipo ankalankhula motsitsa mawu ngati kuti makoma ali ndi makutu.

"Amwene," anatero, "aphunzitsi a kuno si a kusekondale. Ntchito yawo ndi kupatulira mbewu. Tikachuluka, amazula ena. Ndiye lamulo ndi limodzi: asakudziwe dzina. Khala kumbuyo. Usafunse. Ukamva akuti bwera ku ofesi, dziwa kuti nkhuku akaiwazira chimanga pakhomo, mpeni uli kuseri kwa chitseko."

Lekeleni anawasunga mawuwo.

Mmodzi mwa aphunzitsi ake anali mayi wina wa imvi, a Nachisale, amene ankaphunzitsa za chilengedwe. Tsiku loyamba anauza kalasi yonse kuti kulemba kwa kuno n'kosiyana ndi kumene anazolowera, ndipo aliyense wosamvetsa apite ku ofesi kwawo Lachitatu masana, chitseko chimakhala chotsegula. Lekeleni anayang'ana nkhope yawo ali kumbuyo kwenikweni. Anaona kumwetulira, koma mumtima anati, munthu wamkulu chonchi, wa madigiri ake, angatayirenji nthawi pa ife? Chilipo chimene akufuna.

Mayiwo anapereka ntchito yolemba, kuti afotokoze chifukwa chimene mitsinje ing'onoing'ono ikuumira masiku ano. Lekeleni anapita ku laibulale, napeza buku labwino, nakopera ndime zake mosamala kwambiri, osasintha kanthu. Kwa iye kumeneko kunali kulemekeza buku. Ntchitoyo itabwerako inalibe malikisi. Pamwamba pake panangolembedwa ndi inki yofiira kuti, "Mudzandione Lachitatu."

Yonasi anapukusa mutu. "Wakudziwa dzina. Zako zada."

Lachitatu limenelo Lekeleni sanapite. Anasiyanso kudutsa m'khonde la maofesi, namazungulira kuseri kwa nyumba. Tsiku lina mayiwo anamutchula m'kalasi, iye anaweramira pansi ngati wagwetsa cholembera. Anaona mtsikana wina wa m'kalasi mwake amene anapita ku ofesiko atabwezedwa kuti akalembenso, kenako n'kubwezedwanso kachiwiri, ndipo anati, si izi, akumuzunza pang'onopang'ono. Chilichonse chimene ankaona chinkamutsimikizira kuti Yonasi sananame.

Koma kubisala kunamutopetsa. Chakudya chinasiya kukoma. Ankaganiza za makolo ake, mmene anthu a m'mudzi mwawo anamuperekezera kudepoti, ndi mmene angabwererere atachotsedwa chaka chisanathe. Pomaliza anapeza nzeru. Anati, ndipita, koma ndikajambula mawu awo onse pa foni. Akandiopseza kapena kunditchera msampha, umboni ndidzakhala nawo.

Lachitatu lotsatira anatsegula foni kuti izijambula mawu, naiika m'thumba la malaya, nagogoda pa chitseko chimene chinali chotsegula kale. Mayiwo anamupatsa mpando. Analankhula naye kwa nthawi ndithu. Koma Lekeleni sanamve kanthu. Maso ake anali pa manja awo, kuona ngati alemba dzina lake penapake. Makutu ake ankadikira liwu limodzi lokha, la chiopsezo. Atamuuza kuti akhoza kupita, anatuluka.

Ku hositelo anatseka chitseko, iye ndi Yonasi nayamba kumvetsera.

Mawu a mayiwo anamveka odekha. "Ndime izi ndi zabwino, koma si zanu. Kutenga mawu a wina n'kuwaika ngati anu kuno ndi mlandu waukulu, ndipo anthu amachotsedwa nawo sukulu. Sindinakupatseni malikisi chifukwa ndikudziwa kuti palibe anakuuzani. Ndiye ndikukuuzani lero. Werengani mabuku angapo, osati limodzi. Mutseke bukulo, munene m'mawu anu zimene mwamva, ndipo mutchule mwini wake. Mukatero munene maganizo anu: mukugwirizana naye kapena ayi, ndipo chifukwa chiyani. Kwanu kuli mtsinje? Ngati ulipo, yambirani pamenepo."

"Wamva?" anatero Yonasi. "Akuti anthu amachotsedwa sukulu. Chiopsezo ndi chimenecho."

"Koma akuti ndikalembenso."

"Ndi mmene amayambira. Bwezanso, umvetsetse. Msampha sauika poyera."

Lekeleni anabwezanso. Mawa lake anamvetsera popita kukadya, namvetseranso atakhala pansi pa mtengo kuseri kwa laibulale. Ankasanthula liwu lililonse monga mmene mayi amasankhira miyala mu mpunga. Mwala sanaupeze. Chimene anapeza n'chakuti malangizo aja anali atamulowa m'mutu onse, pakuti kuloweza ndiye kunali luso lake.

Ndipo anapeza chinthu china chimene poyamba sanachisamale. Chakumapeto, mayiwo ankamveka akufunsa kuti, "Pali chimene simunamvetse? Funsani, nthawi ndi yanu." Pambuyo pake panalibe yankho. Pankangomveka kupuma kwa munthu, kolemera, pafupi ndi foni. Mayiwo anadikira. Anadikirabe, mpaka kumveka anthu akudutsa panja akuseka. Kenako anati, "Chabwino. Mukapeza funso mubwere."

Lekeleni anamvetsera chetecho, nadziwa kuti kupuma kuja kunali kwake. Mafunso anali nawo ochuluka. Sankadziwa mmene amatchulira mwini buku. Sankadziwa ngati mwana wa chaka choyamba amaloledwa kutsutsana ndi munthu amene analemba buku. Sankadziwa ngati zimene agogo ake aamuna ankanena za mitengo ya m'mbali mwa mtsinje zikhoza kulembedwa pa pepala la ku yunivesite. Anamupatsa mpata wofunsa zonsezi, iye n'kuuthera polondera foni m'thumba.

Anabwerera kuchipinda napeza Yonasi atagona chagada pa bedi.

"Amwene," anatero Lekeleni, "inuyo ku ofesi kwa mayi aja munakalowako?"

"Ine? Ndine wopusa ine? Anandiitana chaka chatha kangapo konse. Sindinapondeko."

"Nanga kwa aphunzitsi ena?"

"Ngakhale mmodzi."

Lekeleni anamuyang'ana. Anatenga mapepala ake natuluka.

Lachitatu litafika anasiya foni pansi pa pilo. Anapita ku ofesi kuja, nakhala pa mpando womwe uja. Mantha anali asanathe, ndipo kamtima kena kankamuuzabe kuti chenjera. Koma anatsegula pakamwa nati, "Madamu, kwathu kuli mtsinje, ndipo unauma ndili ku pulayimale. Sindikudziwa poyambira."

Mayi Nachisale anakankhira pambali mapepala amene ankachonga. "Yambani pomwepo," anatero. "Unauma bwanji?"

Ntchitoyo anailemba kawiri konse isanalandiridwe, ndipo malikisi ake sanali apamwamba. Koma mawu onse anali ake. Chaka chitatha iye anapitirira. Yonasi, amene analepheranso, analongedza katundu wake, ndipo tsiku lonyamuka ankauza aliyense padepoti kuti aphunzitsi anamuchitira chiwembu.

Tsono inu amene mwangofika kumene ku yunivesite, mvetsani. Sindikunena kuti muzikhulupirira aliyense. Alipo oyenera kuwakayikira, ndipo wina akakupemphani chosayenera, kaneneni kwa akuluakulu osaopa. Koma kayikiraninso amene akukuphunzitsani kukayika, mumufunse ngati chitseko akukuletsanicho iye anachilowapo. Malamulo a kuno palibe anabadwa akuwadziwa, ndipo mphunzitsi akakuitanani, nthawi zambiri amafuna kukuuzani lamulolo lisanakulumeni. Akadzakufunsani kuti pali chimene simunamvetse, musadzamuyankhe ndi kupuma kokha.