Mita ya Hezron ndi Mafulashi a Eni

Loweruka pa 12 Ogasiti 2023, pa ukwati wa Raphael ndi Tionge ku Nchenachena, Hezron Msiska anajambula zithunzi 86 za akuchimuna. Zonse 86 zinatuluka zakuda bii.

Nkhaniyi inayamba mu Julayi. Hezron, amene wajambula maukwati ku Rumphi kwa zaka 19, anafuna mita ya m'manja yoyezera kuwala, ija ukadina batani imayatsa mafulashi popanda waya n'kukuuza nambala yoti uike pa kamera. Wogulitsa wa ku Lilongwe anamutumizira pa foni zithunzi za mita ziwiri: ina yaing'ono yotuwa, ina yaikulu ya galasi lonyezimira. Mtima wa Hezron unagwera pa galasi.

Mkazi wake Lois, mphunzitsi wa sayansi, anasuzumira pa foniyo.

"Bambo a Wezi, mufunse kaye ngati imamvana ndi mafulashi anuwa. Zinthuzi zili ndi mitundu."

"Mayi, ine ndinayamba kujambula wogulitsayo akuyamwa. Ndimufunse chiyani?"

Mita inafika pa minibasi Lachisanu pa 11. Hezron sanaiyese. Anangoipukuta n'kuikoleka m'khosi ngati mendulo. Tidziwenso kuti iye amati kusuzumira chithunzi kumbuyo kwa kamera n'kwa ophunzira, ndipo kuyambira 2015 pamenepo anamatapo tepi.

Mu holo ya ukwati munali kamdima. Akuchikazi anali atabweretsa wojambula wawo, mtsikana wa ku Mzuzu dzina lake Stephanie, amene anaimika mafulashi ake awiri akuluakulu pafupi ndi ang'onoang'ono a Hezron. Stephanie anayamba ndiye, anamaliza akuchikazi onse. Kenako Hezron anandandalitsa akuchimuna, naika mita pansi pa chibwano cha mkwati, nadina. Holo yonse inang'anima ngati mphezi. Mita inalemba 16.

Amene anayaka anali mafulashi a Stephanie. Mafulashi a Hezron anali phee, koma maso ochita chidima sasiyanitsa. Hezron anaika 16 pa kamera, nambala yoyenera kuwala kwa eni, n'kumajambula ndi timafulashi take tofooka.

Mita inamukomera. Anayeza chibwano cha mkwatibwi, cha ankhoswe, cha amayi a Umanyano a kutchalitchi mmodzimmodzi, mpaka cha keke, chikhala kuti keke ili ndi chibwano. Akadina, mphezi.

Stephanie anabwera akutuluka thukuta. "Adada, mwaona? Mafulashi angawa akungoyaka okha."

"Zotchipa zimatero, mwana wanga," anayankha Hezron mwachifundo. "Ukakula udzagule mita."

Pofika 3 koloko mabatire a Stephanie anali atatheratu. Chotero panalibenso wina wojambula akuchimuna, amene ena anakwera phiri kuchokera ku Mlowe, ena anabwera kuchokera ku Joni, ndipo anali asanakumanepo onse pamodzi chiyambire 2009.

Lolemba pa 14, mayi a mkwati, a Isabella, anafika kudzaona zithunzi pa kompyuta. Anavala magalasi. Anawavula. Anawavalanso.

"Awa ndi ndani?"

"Ndinu amene, amama."

"Ine ndine mano awa?"

"Ndi duku loyerali."

A Isabella anawerenga mano mzere wonse, napeza kuti abale awo onse analipo ndipo anasangalala. Anaimirira, nati, "Yewo chomene, a Msiska," ndi mawu ozizira ngati madzi a ku Nyika. Mu Seputembala, maukwati atatu a banja lomwelo ndi anansi awo anapita kwa Stephanie.

Chinsinsi anachiulula ndi Lois. Potaya katoni ya mita anaona pambali pake mndandanda wa mitundu ya mafulashi amene imayatsa. Mtundu wa Stephanie unali woyamba. Wa Hezron kunalibe. Mita yaing'ono yotuwa ija, wogulitsa anatero Lois atamuimbira, ndiyo inali yomvana ndi mafulashi a Hezron. Funso limodzi likanakwana.

 Lois anaika katoniyo pa tebulo, mndandanda utayang'ana kwa mwamuna wake, n'kupita kusukulu.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Hezron anadya lake pamaso pa anthu mazana awiri, atavala tayi. Pa 2 Okutobala Stephanie analembera Hezron uthenga wopempha kuti asinthane: iye atenge mita yaikuluyo, awapatse adada yaing'ono yomvana ndi mafulashi awo. Uthengawo unawerengedwa tsiku lomwelo. Sunayankhidwebe.