Dorika ndi Bwato la Mapasa

Ana inu amene mwakula nyanja ya Chilwa ili ndi madzi, mwina simudziwa kuti nyanja imeneyi imasamuka. Zaka zina imauma gwaa, mpaka munthu n'kumayenda wapansi pamalo pamene asodzi ankaponya khoka. Nkhani iyi inachitika m'zaka zoterozo, pa dooko laling'ono lotchedwa Nankhwazi.

Kalelo pa dookoli panali bambo wina, a Malunga, amene ankaolotsa anthu kupita kuchilumba. Bwato lawo linali losiyana ndi ena onse. Anakhoma mabwato awiri a matabwa, aatali koma owonda, n'kuwalumikiza ndi mitanda itatu. Pamwamba anayalapo matabwa okhalapo anthu, ndipo pakati anaimika mlongoti womangapo thanga, nsalu yaikulu ija yokola mphepo. Anthu ankalitchula bwatoli kuti Mapasa. Mphepo ikaomba bwino, Mapasa ankafika kuchilumba opalasa ndi nkhafi asanafike n'pakati pomwe.

A Malunga anali ndi ana awiri, Lufeyo ndi mlongo wake wamng'ono Dorika. Lufeyo ankaopa madzi chibadwire. Dorika ndiye ankalirira kukwera nawo, ndipo ankakhala kutsogolo, miyendo ili lendee pakati pa mabwato awiriwo, madzi akumunyambita zidendene. Koma chingwe cha thanga sanachigwirepo, pakuti masiku amenewo mwana wamkazi sankaphunzitsidwa zapanyanja. Atakula anapita ku Limbe, komwe anakhala telala zaka makumi atatu.

Mwamuna wake atamwalira, Dorika ananyamula makina ake osokera n'kubwerera kwawo, mutu uli ndi imvi. Anapeza makolo ake anagona kale, ndipo nyanja inali itauma zaka zinayi. Khwawa lalikulu limene linkabweretsa madzi kuchokera kumapiri linali litasanduka minda. Lufeyo anali atamanga nyumba pakati penipeni pa khwawalo, poti nthaka yake inali yachonde. Mabwato a m'mudzimo anali atathera pamoto ngati nkhuni. Mapasa okha ndiwo anatsala, atapendekeka patsinde pa mkuyu, nkhuku zikuikiramo mazira.

Dorika anaika dzanja pathabwa lotentha ndi dzuwa, ndipo fungo la phula lakale linamukumbutsa mawu a bambo ake akuitana okwera m'mawa. Pomwepo Lufeyo anafika ndi nkhwangwa paphewa, pofuna nkhuni zowotchera njerwa.

"Achimwene, bwatoli ndipatseni ine," anatero Dorika.

"Mukalitani, achemwali? Kodi mukuona madzi kuno?"

"Sindikuwaona. Koma ndilikonza."

"Inu? Munagwirapo sowo chibadwire?"

"Ayi. Ndiyamba mawa."

Lufeyo anaseka mpaka kukhosomola, koma nkhwangwayo anabwerera nayo.

Dorika anayamba monga amayambira munthu wosadziwa. Anagula phula, analisungunula m'chitini, n'kumata mabwato onse awiri mpaka anada bii. Kwa iye ntchito inali itatha. Tsiku lachitatu kunadutsa nkhalamba ina, a Chikopa, amene paunyamata wawo ankakhoma mabwato limodzi ndi a Malunga. Maso awo anali atachita ng'ala, koma mphuno inawauza zonse.

"Ndani akununkhitsa phula kuno kopanda nyanja?"

"Ndine Dorika, agogo, mwana wa a Malunga."

A Chikopa anagogoda bwatolo ndi ndodo yawo uku akutchera khutu. Kenaka anasolola mpeni n'kubaya thabwa lina. Mpeniwo unalowa ngati m'papaya lakupsa.

"Mwana wa Malunga, chilondachi wangochiphimba. Pala phula lonseli. Matabwa ovunda achoke."

Matabwa ovundawo anakwana asanu ndi awiri. Dorika anakhala pansi n'kulira, osati chifukwa cha phula lotayikalo, koma chifukwa pochotsa thabwa lililonse ankaona ngati akuchotsa dzanja la bambo ake. A Chikopa anamusiya alire. Atatonthola anamuuza kuti, "Bambo ako anasintha matabwa a bwatoli katatu ine ndikuona. Akanakhala kuti ankawalirira, sakanaolotsa munthu."

Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse nkhalambayo inkabwera kudzakhala pamuzu wa mkuyu. Inkangoti, "Gogoda ndimve," n'kudziwa ngati msomali walowa bwino kapena wakhota. Dorika anadula matabwa awiri mofupikitsa. Anadziphwanya chala ndi hamala mpaka chikhadabo chinachoka. Anaphunzira kupota thonje, kuliviika m'phula lotentha ndi kulikhomerera m'mipata ya matabwa. Manja amene anazolowera singano anachita zikang'a.

Poti kunalibe nyanja yoyeserapo, a Chikopa anamuuza kuti adzaze madzi m'mabwatomo kuti aone podontha. Dorika anatunga ndowa makumi anayi kumjigo, ndipo amayi a kumeneko anapeza choseka cha mwezi wathunthu.

"Anzathu amaika bwato m'madzi, koma a Dorika akuika madzi m'bwato!"

Dorika ankangopitiriza ntchito yake. Ankagona chagada pansi pa bwatolo ndi khala m'manja, n'kumalemba paliponse pamene dontho latulukira.

Pofika pa thanga, zinthu zinatembenuka. Anasonkhanitsa matumba a ufa, anawachapa, n'kuwasoka pamakina ake mizere iwiriiwiri. A Chikopa anayendetsa chala pamsoko wonse, kenaka anati, "Apa ndilibe chokuphunzitsa. Bambo ako ankasoka ngati akumanga mtolo wa udzu." Anaseka onse awiri, ndipo tsiku limenelo ntchito inaima, nkhalamba ikusimba za maulendo akale, za matemba odzaza madengu, ndi za mkwati wina amene anamuolotsa akuimba nyimbo ulendo wonse.

Ataimika mlongoti watsopano wa bulugama, Dorika ankakweza thanga pamtunda pomwepo. Ankakhala kumbuyo, dzanja lina pa chingwe, lina pa tsigiro, thabwa lija lokhotetsera bwato, ndipo tsigiroyo inkangokanda fumbi. Odutsa ankapukusa mitu. Zaka ziwiri zinatha motero.

Ndiye linafika tsiku lina m'mwezi wa Febuluwale. Ku Nankhwazi kunali dzuwa, koma kumapiri kunali kutada sabata yathunthu. Chakum'mawa, anthu ali m'minda, kunamveka mkokomo ngati wa malole ambiri. Madzi ofiira anatulukira m'khwawa muja, atasenza mitengo ndi mapesi. Amene anali m'mbali anathawira kumtunda. Koma Lufeyo anali kunyumba ndi mkazi wake, pamodzi ndi mwana wawo wamkazi amene anali ndi khanda la masiku asanu. Pamene amatuluka, madzi anali atawazinga kale. Anakwera pachulu cha kuseri kwa nyumba, ndipo ali pomwepo anaona makoma a nyumba yawo akusungunuka ngati mchere.

Mudzi wonse unaima pagombe. Wosambira sakanalimba m'madzi amenewo, ndipo bwato kunalibe. Kenaka maso onse anatembenukira kumkuyu. Amayi omwe aja amene ankaseka kumjigo ndiwo anayamba kukankha Mapasa.

Dorika anatembenukira kwa a Chikopa. "Agogo, ine sindinayendetsepo bwato pamadzi."

"Ine sindiona, iwe sudziwa," anayankha a Chikopa. "Tikaphatikizana tikwana munthu mmodzi. Ndikhazikeni pakati."

Bwatolo litangoyandama, madzi analilanda n'kulizunguza kawiri. Thanga linamuomba Dorika kumaso, ndipo pamene amapukuta misozi anapeza chulu chija achipitirira kale. Pagombe anthu anakuwa.

"Tachiphonya, agogo! Chatsala kumbuyo!"

"Usakuwe. Mphepo ndikuimva patsaya lakumanzere. Koka chingwe mpaka thanga lisiye kukupiza. Eya, choncho. Tsopano bwerera m'mbali, momwe madzi ali ofatsa. Tikwere kumtunda kwa chulu, madzi akatitsitsire okha."

Dorika anakoka. Thanga linatupa, chingwe chinalimba m'dzanja lake, ndipo anamva bwato likumvera tsigiro kwa nthawi yoyamba. Anakwera pang'onopang'ono m'mphepete mwa minda yomira, ngayaye za chimanga zikukwecha pansi pa bwato. Atapitirira chulu ndithu, anakhotera pakati. Madzi anawanyamula n'kukawagunditsa pachulupo, ndipo Lufeyo anagwira mtanda wakutsogolo ndi manja onse awiri.

Khanda ndilo linayamba kukwera, a Chikopa n'kulifukata. Kenaka mayi wake, kenaka mkazi wa Lufeyo. Lufeyo yekha anauma pomwepo, madzi ali m'mawondo.

"Achimwene, kwerani!"

"Kodi silimira, achemwali?"

"Msomali uliwonse ndinakhoma ndine. Kwerani!"

Anakwera chokwawa, atatsinzina. Pamene amafika pagombe, dzuwa lili paliwombo, pachulu paja panali patangotsala nsonga ya udzu.

Nthungululu zitatha, Lufeyo anakhala pansi akuyang'ana pamene panali nyumba yake. "Zaka zisanu ndi chimodzi pali pouma," anatero motsitsa mawu. "Ine ndinkati madziwa anaiwala njira yawo."

A Chikopa anapereka khanda kwa mayi wake, n'kunena kuti, "Madzi saiwala khwawa, Lufeyo. Angachedwe bwanji, amadzera momwe ankadzera." Kenaka analoza ndi ndodo komwe ankamva Dorika akumasula zingwe. "Si uyu mlongo wako? Zaka makumi atatu ali ku Limbe, koma taona komwe watsikira."

Mawu amenewo anthu anapita nawo kwawo, ndipo kuchokera ku Nankhwazi anafalikira mpaka anasanduka mwambi umene mumaumva lero: madzi saiwala khwawa. Akuluakulu akatero amatanthauza kuti chimene chinazolowera njira yake chimabwereranso, ngakhale papite zaka. Ndi chenjezo kwa amene amamanga pamalo a ngozi chifukwa choti ngoziyo yakhala chete, kapena amene amakhulupirira msanga kuti khalidwe lakale la munthu latha. Komanso ndi chitonthozo, pakuti luso la makolo ndi chikondi cha kwanu zimatha kuuma pamwamba koma njira yake ilipobe.

Chaka chimenecho nyanja inadzaza. Lufeyo anamanga nyumba ina kumtunda. Dorika anaolotsa anthu kupita kuchilumba zaka khumi ndi chimodzi, ndipo mtsikana aliyense amene ankapempha kugwira chingwe cha thanga, iye ankamupatsa.