Kagalimoto Konyamula Mphete

Amene mukuti mayi sangaphunzitse za mabuleki, khalani pansi kaye, mudzanditsutse ndikamaliza. Ine Nangondo sukulu sindinaithawe. Fomu folo ndinaimaliza, sayansi ndinaikhoza bwino lomwe, ndipo paguwa pano ndaimapo zaka zambiri osasowa chonena. Tcherani khutu.

M'tauni ina ya paphiri munali bambo wina amene anali ndi kagalimoto kachidole koyendera limoti, kachipangizo ka m'manja kokalamulira patali. Kanali kofiira, kotalika ngati mkono, kaliwiro kuposa galu. Ntchito yake inali ya pamaukwati. Ankamangirira kabokosi ka mphete pamwamba pake, iye n'kukhala pabenchi yakumbuyo, kagalimoto n'kumayenda kokha pakati pa anthu mpaka kukaima pamapazi a mkwatibwi. Amayi nthungululu, abambo m'manja. Mbiri yake inafika kutali.

Tsiku lina masana akuyeserera pabwalo, anagwira buleki pa limoti. Kagalimoto kanaima, kenaka kanayamba kukwawa pang'onopang'ono, ngati kali ndi kwina kumene kakufuna. Anakatembenuza, kanakwawanso. Ndipo nthawi zonse mphuno yake inkakhotera mbali imodzi, kumunsi, kumene kunali mitengo yowirira ya kumanda.

Anapita nako kwa mkulu wokonza mawailesi pamsika. Mkuluyo anachotsa chigoba n'kumuonetsa kachitsulo kozungulira, kofanana ndi chitsekerero cha botolo, ndi timapadi tiwiri timene timapana kachitsuloko kuti matayala aime. Timapadito tinali titapyapyala ngati khoko la anyezi.

"Achimwene, iti tatha," anatero mkuluyo. "Tisinthe, timange kasikuluwu aka, ndipo mafuta asamafikepo. Ola limodzi lokha."

"Za mkati amaziona ndani? Ingondiikirani nyali zothwanima," anayankha bambo uja.

Nyali anaika. Kagalimoto kanakongola, koma kukwawa sikanasiye. Mkazi wa bambo uja anakasiya pakhonde popita kukaanika zovala, pobwera anakapeza pageti, katayang'ana kumunsi komwe kuja. Iwo sanaganize zoti bwalo lawo ndi lotsetsereka. Anati ndi nsanje ya anthu, kagalimoto akalodza. Bambo uja anakakulunga m'nsalu, ulendo kwa sing'anga. Sing'angayo anamangirira chithumwa kunsi kwake, n'kukadzoza mafuta a nsatsi paliponse, kunja ndi mkati, mpaka pa timapadi paja. Buleki yotsala pang'ono ija inathera pomwepo, mwini wake akuthokoza.

Linafika Loweruka la ukwati waukulu, mwezi wa Okutobala. Kunatentha kwambiri, ndiye zitseko zonse za tchalitchi anazisiya pululu, ndi chapambali pa guwa chomwe. Abusa anati mphete zibwere. Kagalimoto kanauyamba ulendo, nyali zikuthwanima, anthu akuimirira kuti aone.

Kanafika pamapazi a mkwatibwi. Bambo uja anagwira buleki. Kanakhudza mpendero wa diresi, n'kupitirira. Anagwiranso mwamphamvu. Kanatulukira pachitseko chapambali chija, n'kutsikira m'kanjira, mwakachetechete. Nthungululu zinathera kukhosi. Mkwati, ankhoswe ndi mwini kagalimoto anakalondola, masuti ali m'thupi, koma chotsika phiri sichidikira munthu.

Tsiku lomwelo kunali maliro m'mudzi wa kumunsi. Adzukulu anali atamaliza kukumba dzenje kumanda, atakhala pamthunzi kudikira mtembo. Anangoona kanthu kofiira kakulowa pakati pa mitumbira, kakudutsa pamiyendo yawo, n'kulunjika padzenje lija ngati kakulidziwa. Kanagweramo chagada. Othamanga aja atafika anasuzumira. Pansi penipeni nyali zinali phethiphethi, matayala akuzungulirabe m'mwamba, kabokosi katatseguka, mphete ziwiri zili gone padothi lofiira.

Mkulu wa adzukulu sanadzuke n'komwe. Anati, "Nyumbayi ili ndi mwini wake, ali m'njira. Alendo amene am'tsogolerawa sitiwatulutsa mpaka iye afike."

Uthenga utafika kutchalitchi, mkwatibwi anavula velo, n'kuipinda bwinobwino. "Mphete imene yayamba kugona m'manda ine sindivala," anatero, n'kutuluka ndi azakhali ake. Ukwati unathera pomwepo. Bambo uja anatsala chiimire m'mbali mwa dzenje, chala chikufinyabe buleki, nyimbo ya maliro ikumveka chapatali, ikuyandikira.

Abale anga, limoti mwini anali nayo m'manja, ndipo lamulo loti ima analipereka. Kagalimoto kanamva ndithu. Chimene kanalibe ndi chogwirira. Ifenso choipa timachidziwa, mtima umatiuza kuti apa ima, koma kudziletsa kukatha, kudziwa sikuimitsa munthu. Ndipo sikutha tsiku limodzi. Kumapyapyala mobisika, uku kunja tikuwonjezera nyali. Chizindikiro chake ndi kukwawa. Mwati mwasiya kuyankha, mawu ena atuluka. Mwati mungopereka moni pakhomo pa mwini, mwakhala pansi. Mukadziona mukukwawira mbali imodzi yomweyo, musafune mfiti. Pitani kwa Mlengi amene anakupangani, akutseguleni, asinthe chimene chatha. Muchite msanga, chifukwa simuyenda opanda katundu. Pamsana panu pali mphete za anthu ena, za ana anu, za amene anakukhulupirirani, ndipo mukagwa mugwa nazo.

Fanizo ili ndi langa, sindinabwereke kwa munthu. Nditalilalikira koyamba pamsonkhano wa amayi a chigawo chonse, ngakhale wapampando anaiwala kuitanitsa nyimbo. Ndipo chimene ndinapindula ndikuuzani mosabisa: chitenje chimodzi chatsopano, tambala wakuda wamoyo, ndi mlamu wanga amene kuyambira pamene mkazi wake anakamufotokozera fanizoli, poganiza kuti ndinkanena iye, akandiona panjira amawolokera tsidya lina.