Douwe ndi Malaya Opanda Msoko

Mu shopu yokonzera njinga ya ana a Boersma, kuseri kwa msika wa mumzinda wa Leeuwarden ku Ulaya, manja ankagwira ntchito koma pakamwa pankakhala pa nkhani zina. Hilke, yemwe anali wamkulu, ankamata mapankicha pafupi ndi khomo. Mlongo wake Douwe ankawongola malimu chakumbuyo. Onse awiri anakula akuonera makatuni a ku Japan, ndipo ngakhale imvi zinali zitayamba kusuzumira m'ndevu za Douwe, sankaphonya gawo lililonse la nkhani ya Rokuzane, msilikali amene ankagweredwa ndi mapiri, kumizidwa m'nyanja, kutenthedwa ndi moto, koma sabata yotsatira n'kudzuka akusasa fumbi.

Chimene chinkawakanganitsa chinali chimodzi: kulimba konseku Rokuzane amakutenga kuti?

"Ndi malaya ake achitsulo aja," ankatero Douwe, akuloza ndi sipanala. "Alibe msoko ngakhale umodzi. Lupanga limafuna polowera. Popanda msoko lilowera pati?"

"Iwe, malaya omwe aja si amabwera atapindika nkhondo iliyonse?" ankayankha Hilke. "Chimene chimamusunga ndi mnzake wosula zitsulo uja, amene amamuvula n'kumukonza. Ndi njinga zingati zalowa muno eni ake akulumbira kuti siziwonongeka?"

"Achemwali, vuto lanu mumaonera ndi diso limodzi, linalo lili pa foni."

Tsiku lina bambo wina wachikulire amene ankadikira njinga yake anaponyapo lake. "Ana inu, munthuyo safa chifukwa akafa olembawo adya chiyani?" Ana a Boersma anamuyang'ana ngati watukwana m'tchalitchi, ndipo njinga yake inakhala yomaliza kukonzedwa.

Mkangano sunathere mu shopu. Nthawi ya nkhomaliro Douwe ankaiwala buledi wake wa tchizi, khofi n'kuzizirira m'kapu, iye ali kalikiliki kulimbana pa intaneti ndi anthu amene sanawaonepo. Ena ankati Rokuzane anatembereredwa kuti asafe, ena ankati ndi magazi a makolo ake. Douwe ankawayankha mmodzimmodzi. Chibwenzi chake, Nienke, namwino wofatsa amene makatuniwo sankawalabadira, ankangoti, "Ukawagonjetsa onse undiuze, tidye."

Pamene chionetsero chachikulu cha okonda makatuni chinkayandikira mumzindamo, Douwe anaganiza zothetsa nkhaniyo pamaso pa anthu. Anayamba kupanga malaya a Rokuzane ndi nsalu zoviika mu utomoni umene ukauma umalimba ngati fupa. Anawaumba zigamphu ziwiri, chakutsogolo ndi chakumbuyo, kuyambira m'khosi kutsika mpaka kupyola mawondo. Pa tsikulo zigamphuzo zinayenera kumatidwa pathupi pake ndi guluu, pamwamba n'kupakapo penti kuti msoko usaoneke.

Anaululiranso Hilke chinsinsi china: akakakwera pa nsanja, akafunsira Nienke ukwati pamaso pa khamu lonse.

Hilke anakondwa mpaka kupukuta misozi ndi nsanza ya girisi, koma atayang'ana malaya aja chimwemwe chinachepa. "Ika zipi kumsana, mchimwene. Palibe adzaione."

"Zipi ndi msoko. Ndikaika zipi ndiye kuti ndavomereza zanu zija."

"Nanga ukafuna kukhala pansi?"

"Rokuzane munamuonapo atakhala pansi?"

"Nanga kokataya madzi?"

"Zonsezo ndikudziwa kale, achemwali. Inu mudzangomata."

Mmawa wa tsikulo Douwe anamwa khofi wambiri kuti mtima ukhale m'malo, n'kuimirira pakati pa shopu atatambasula manja. Hilke anamata, akupukusa mutu. Kunena zoona, malayawo anakongola. Ankanyezimira ngati mphika watsopano, ndipo ukawagogoda ankalira kuti gogogo. Vuto loyamba linaoneka pakhomo. Munthu wosapinda m'chiuno sakwera njinga, ndipo pa mpando wa basi sakhalapo. Mapeto ake Hilke anamugoneka chagada m'bokosi la njinga yonyamulira katundu, miyendo ili tototo kunja, n'kumupalasa kudutsa pakati pa msika mvula ikuwaza. Wogulitsa nsomba wina anavula chipewa poganiza kuti ndi maliro.

Ku chionetsero Douwe anasanduka mfumu. Ankayenda motang'adza ngati munthu wa chithupsa, koma anthu ankati ndiwo mayendedwe a msilikali. Ankamujambula, ankamugogoda pachifuwa, ankafunafuna msoko osaupeza. Ngakhale mnyamata wina amene ankakangana naye kwambiri pa intaneti anabwera kudzamugwira chanza. Douwe anayang'ana kwa Hilke ndi diso lonyada. Hilke ankangodya tchipisi chake.

Dzuwa litapendeka, holo inatentha. Thukuta linayamba kuyenderera m'kati mwa malaya ngati mtsinje wapansi pa nthaka, ndipo khofi wa mmawa uja anayamba kufunsa njira. Douwe analuma mano. Dzina lake litaitanidwa pa mpikisano wa zovala, anakwezedwa pa nsanja ndi anthu awiri, chifukwa masitepe anamukanika. Poyesa kulimba kwa malayawo, woyendetsa mwambo anamumenya ndi lupanga lamtengo, lupangalo n'kuthyoka, holo yonse n'kuwomba m'manja.

Douwe analanda chimkuzamawu. "Mwaona nokha. Kulimba kuli m'malaya. Tsopano ndikupempha Nienke abwere kuno."

Nienke anakwera, nkhope itafiira ndi manyazi. Anthu anazindikira chimene chinkabwera, phokoso n'kuzilala. Douwe anayesa kugwada. Bondo linakana. Anayesa linalo, nalonso linakana. Anaweramira kutsogolo mokakamiza, ndipo anagwa chafufumimba ngati mtengo wodulidwa, phokoso lake n'kumveka mpaka kokagulitsira zakumwa. Malaya sanasweke ngakhale pang'ono. Anamutembenuza chagada, iye ali phiriphiri ngati kamba, dzanja likupapasa pantchafu posaka thumba. Apo m'pamene nkhope yake inasintha.

"Achemwali," ananong'ona, koma chimkuzamawu chinali chikadali pafupi ndi pakamwa pake, "mphete ili m'thumba la buluku."

"Buluku lake liti?"

"Lomwe ndavala m'katimu."

Holo yonse inagwa nacho chiseko. Hilke anakwera pa nsanja mosafulumira, akupukuta mchere wa tchipisi m'zala, n'kutulutsa m'chikwama sizasi yaikulu yodulira malata imene anainyamula mwakachetechete mmawa uja. Anagwada pambali pa mlongo wake.

"Tanena kaye, anthu amve. Rokuzane amamusunga ndani?"

"Dulani, achemwali, chonde. Nkhani ya madzi ija yafika povuta."

"Sindinamve yankho."

"Mnzake wosula zitsulo," anatero Douwe ndi mawu a munthu womira. "Koma m'gawo lachitatu la katuni ija..."

"Mlamu, gwirani mwendowu," anatero Hilke kwa Nienke, "asanayambirenso."

Anadula kuyambira m'khwapa kutsika, malaya a masabata ambiri aja akulira kuti kwetche kwetche, Nienke akukoka ndi luso la munthu wozolowera kuvula odwala. Douwe anatulukamo ali chonyowa ngati mwanapiye wongoswedwa kumene. Anapisa m'thumba, n'kutulutsa kabokosi konyowa ndi thukuta, ndipo ulendo uno bondo linamvera. Koma atatsegula pakamwa, mawu onse amene anakonzekera anali atathawa, nkhani ya madzi ija itamupana.

Nienke anatenga mpheteyo yekha n'kuivala. Misozi inali m'maso, chiseko chili pakamwa. "Ndavomera, wopusa iwe. Thamanga, chimbudzi chili kumanzere."

Douwe anathamanga ndi masokosi okhaokha kumapazi, anthu akumupatukira ndi kumuwombera m'manja kuposa poyamba paja. Mphoto ya chovala chokongola inapita kwa mtsikana wina wovala ngati nkhandwe, ndipo palibe anadandaula. Pobwerera, zigamphu ziwiri zija ndizo zinakwera m'bokosi la njinga, mwini wake akupalasa, akazi awiriwo akuyenda pambali n'kumakambirana za tsiku la ukwati ngati iye palibe.

Mpaka lero Douwe amanenabe kuti malaya ake sanasweke pogwa paja, ndipo zimenezo n'zoona. Koma amene analipo amadziwa kuti chipanda sizasi ya mlongo wake, mkazi akanamupeza ali m'chigoba. Akuluakulu sananame: Ndadziwa-kale adamanga nyumba yopanda khomo.