Khofi wa Mchere wa a Yihune

Kwathu ku Gojamu, munthu akayamba kuweta njuchi atamera kale imvi, mwina amamva zonse zimene akuuzidwa, mwina samva n'chimodzi chomwe. A Yihune anali a gulu lachiwirili. Moyo wawo wonse analima balere ndi kuweta nkhosa, ndipo ming'oma itatu ya matabwa anaiimika kuseri kwa khola chifukwa cha mwana wawo wotsiriza, Banchi, amene ankayembekezera ukwati ikatha nyengo yokolola. Kwathu ukwati wopanda teji, mowa wathu wa uchi uja, anthu amaunena mpaka mwana woyamba atayenda. Tsono a Yihune anali atadziguguda pachifuwa pamaso pa akuchimuna kuti teji wa tsikulo adzachokera m'ming'oma yawo, osati kumsika.

Mvula ili pafupi anafula koyamba, ndipo mwa chimwemwe cha mlendo pa ntchito anakokolola zisa zonse. Uchiwo unathera alendo obwera kudzaona zodabwitsa. Alamu awo a Endalew, amene anakulira mu utsi wa njuchi, atasuzumira m'ming'omamo anagwira pakamwa.

"Alamu, eni akewa mwawasiyira chiyani?"

"Mapiko. Kodi alibe?"

"Mapikowo aziuluka nawo kuti m'mvumbi? Maluwa kulibe, kuzizira ndi uku. Muziziikira madzi a shuga ndi kaufa ka nsawawa mpaka mvula itakata."

A Yihune anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye ine ndizigulira shuga mwini fakitale ya zotsekemera? Mawa mudzati ndizizithirira khofi."

Mvumbi unabwera monga umabwerera kumapiri kuno: nkhungu m'mawa, mvula masana, matope mpaka m'maondo. Tsiku lina dzuwa litang'anima pang'ono, njuchi za mng'oma woyamba zinatuluka zonse, n'kudutsa pamwamba pa mabulugamu osacheuka. A Yihune anati zapita kokayenda. Akazi awo, mayi Tiruwork, anangoti, "Oyenda amatenga ndi mfumukazi yomwe?"

Mng'oma wachiwiri sunasamuke, unangokhala chete. Atautsegula anapeza kamulu ka njuchi zakufa, zina zitalowetsa mitu m'timabowo ta zisa zouma, linthumbu likututa. Apa mpamene mantha anawagwira bambo aja, pakuti anaona m'maganizo mwawo akuchimuna atakhala pabwalo, mabotolo ali mbee. Anayenda chamwakachetechete kupita kukhitchini.

"Make Banchi, shuga uja ali pati?"

"Wa khofi wanu?"

"Wa njuchi."

Mayi Tiruwork anapitiriza kukazinga khofi ngati sanamve. Kenaka anati, "Bambo a Banchi, shuga wa m'nyumba muno sakwanira pakamwa pawiri. Sankhani, inu kapena izo."

Muyenera kudziwa kuti a Yihune ankamwa shuga wothira khofi, osati khofi wothira shuga. Komabe ananena kuti makolo athu ankamwa khofi wa mchere ndipo sanafe. Kuyambira tsikulo kapu yawo inkalandira kamchere, ndipo nkhope imene ankaipanga pomwa inkasangalatsa nyumba yonse.

A Endalew sanawakumbutse za fakitale ija, ngakhale kuti milomo inkawayabwa. Anawaonetsa kusungunula shuga m'madzi ofunda, kuthira m'mbale yosaya, n'kuyalamo timapesi kuti njuchi zisamire. Mbaleyo ankailowetsa m'kati mwa mng'oma wachitatu wotsalawo, pansi pa chivundikiro, kuopa kuitana njuchi zakuba. Khomo la mng'oma analichepetsa, pamwamba anafolera udzu, ndipo m'miyendo mwake anathiramo phulusa loletsa linthumbu. Munthu uja ankaseka anzake anasanduka wolera: m'mawa uliwonse ankagunditsa khutu pathabwa, akamva kulira kwapansipansi n'kubwerera akumwetulira.

Mvula itayamba kukata, mapiri onse anachita chikasu ndi maluwa a Mesikeli, aja amaphuka nthawi ya chikondwerero cha Mtanda. A Yihune anafuna kutsegula mng'oma tsiku lomwelo, mame asanaume.

"Dekhani, alamu, muziziritsa ana a njuchi," anatero a Endalew. "Yambani mwafunsa pakhomo. Mukuona chiyani m'miyendo mwa zikubwerazo?"

"Timitolo tachikasu."

"Ndi mungu umenewo. Palibe amatuta chakudya cha ana kunyumba yopanda ana. Mfumukazi ilipo, ikuikira."

Anadikira kuti dzuwa lifunde, anafukiza ndowe zouma, n'kukweza chisa chimodzi chokha chapakati. Chinali chodzaza ndi ana omatidwa bwino, m'mphepete mukunyezimira uchi watsopano. A Yihune anachibwezera msanga, ndipo anati utsi ndiwo wawalowa m'maso.

Pofika nthawi yofula, mng'oma uja unkalemera moti munthu mmodzi sakanausuntha. Mayi Tiruwork anagwira beseni, amuna awo akudula zisa, mpaka beseni linadzaza ndi lachiwiri lomwe. Atafika pa zisa zam'mbali, a Yihune anapukuta mpeni.

"Nanga izo?" anafunsa mayi aja. "Mukudziwa kuti teji achepa."

"Achepe. Izo n'za eni ake."

Anachepadi. Pa ukwati wa Banchi mudzi unamwa mowa wa balere, teji n'kupita kwa akuchimuna ndi akuluakulu okha. Koma anali teji weniweni, wonunkhira maluwa a m'phiri. Bambo a mkwati atamwa botolo loyamba anatambasula dzanja kupempha lachiwiri, ndipo anauza anthu awo kuti mwana wawo wakwatira kunyumba yosunga mawu. A Yihune iwo anangolawa kapansi pa mtsuko. Mtima wawo unali m'malo, ngakhale kuti zinawaluma pang'ono poganiza kuti ming'oma itatu ikanamwetsa mudzi wonse.

Zisa zimene anakokolola zija zinatha ngati mame, osasiya kanthu. Koma shuga amene anadzimana pakamwa anamupeza ali m'mabotolo a alendo awo, pa tsiku limene ankamufunitsitsa. Akuluakulu sananame: kupatsa n'kuika.