A Kathewera ndi Makilomita Makumi Atatu

Kalekale, mphwanga, miyala ya m'mbali mwa msewu isanaiwalike, kunali bambo wina dzina lake a Kathewera. Paunyamata wawo ankagwira ntchito yapamsewu, akuzika miyala yowerengera mamailosi. Mailosi ankaidziwa ndi phazi. Koma kunyada, ine! Munthu uja sankafunsa.

Akazi awo anamwalira. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Nangozo, anakwatiwa, mwamuna n'kumutengera kwa Mdzonga, kumene sikunkafika galimoto. A Kathewera anatsala okha ndi galu wawo, Sindikudyera.

Ndiye kunabwera muyeso watsopano. Boma linati mamailosi atha, tsopano ndi makilomita. A Kathewera anamva pamsika kuti asanu a uku ndi asanu ndi atatu a uko. Anamva theka, n'kuchokapo. Zoona zake, mphwanga, mamailosi asanu ndiwo makilomita asanu ndi atatu. Iwo anazigwira chozondoka.

Kalata inafika. "Bambo, ndachira mwana wamkazi, koma uchembere wandisiya wofooka, sinditha kuyenda. Bwerani. Ndi makilomita makumi atatu basi."

Anawerenga zala. Asanu, asanu, asanu, kasanu n'kamodzi. Paliponse akuikapo asanu ndi atatu.

"Mayo! Mamailosi pafupifupi makumi asanu! Miyendo iyi imathera pa makumi awiri."

Galu anati, "Akulu, kafunseni kaye."

"Chete iwe! Msewu uwu ndinakumba ndine."

Mvula inagwa, inatha. Kalata inafikanso. "Bambo, mwana wayamba kuyenda. Bwerani."

Anawerenganso zala. Makumi asanu.

"Akulu, kafunseni kaye."

"Chete iwe!"

Ankaphika okha, kudya okha, kuyankhula ndi khoma. Mtima unkawawa, usaganize kuti sankamufuna mwana wawo. Ankamufuna zedi. Koma kulemba kuti miyendo yatha, iwo a pamsewu, manyazi. Sanayankhe ngakhale kalata imodzi.

Zaka zinakwana zisanu. Galu uja anakalamba n'kufa. Panalibenso wowauza kuti akafunse.

Kenako kunabwera kalata ya dzanja lina, la mkamwini. "Bambo, mwana wanu matenda akula."

Apo ndiye sanawerenge zala. Anamanga kamba wa masiku atatu, anatenga ndodo, tambala atangolira ali panjira. "Ndikafere panjira, bola ndikupita."

Anayenda, anayenda, anayenda. Dzuwa litapendeka anapeza mayi wina akutunga madzi pachitsime.

"Zikomo mayi, kwa Mdzonga kwatsala masiku angati?"

Mayi uja anawayang'ana. "Masiku? Agogo, kwa Mdzonga ndi kuno."

"Kuno? Makilomita makumi atatu atha?"

"Atha. Kilomitatu ndi yaifupi, siifika pa mailosi."

A Kathewera anakhala pansi, khu! Anawerenga zala mobweza. Mamailosi osakwana n'komwe makumi awiri. Ulendo wa tsiku limodzi, dzuwa likadalipo.

Mayi uja anawalozera nyumba ya mkamwini wawo. Pakhomo anapeza phulusa la moto wa maliro, ndi mkamwini atameta mpala. Nangozo anali ataikidwa dzana.

Kamtsikana kanasuzumira pachitseko. "Ababa, agogowa ndani?"

Mkamwini anati kwa a Kathewera, "Bambo, mwafika. Mwana wanu ankati ndimunyamulire panja madzulo aliwonse, aziyang'ana kunjira. Ine ndinkati ndibwere ndidzakutengeni, iye n'kukana. Ankati, 'Asiyeni. Pafupi ponsepa, akanandifuna akanabwera.'"

A Kathewera anatsegula pakamwa kuti afotokoze za zala zija. Ukanati chiyani iwe?

Ndiye ukundiyang'aniranji choncho, mphwanga? Ndakuona, nawenso ukamva theka umathamanga. Kuwerengera m'mutu n'kwabwino, koma uyambe wadziwa kuti chachitali n'chiti, chachifupi n'chiti. Ngati sukudziwa, funsa, ngakhale kwa mwana. Ine nkhaniyi imandiwawa mpaka lero.

Basi, nthano yanga yathera pomwepa.